Windows 98 mu browser: ikuyendadi pa laputopu yanga kapena akungonditumizira zithunzi?

kachidwi_22
Akuluakulu ndithandizeni apa. Ndalowa pa saiti ya v86, ndadina Windows 98, pasanapite nthawi desktop yonse yabwera mu tab ya Chrome, Start menu, Notepad, Minesweeper zonse zikugwira. Mafunso ndili nawo awiri. Loyamba, Windows imeneyi ikuyenda pa makina angawa kapena ili pa seva kwinakwake iwo akungonditumizira zithunzi? Lachiwiri, laputopu yomwe ndimagwiritsa ntchito ndi ya kuntchito, a IT anatseka zoinstola, VirtualBox, pulogalamu yoyendetsera OS ina mkati mwa kompyuta, yakaniratu. Ine ndikufuna kuphunzira ma command a Linux. Njira iyiyi ingandithandize kapena ndingotaya nthawi?

wokayika
Ndi seva imeneyo amwene. Browser ndi yowerengera ma page, singanyamule Windows yonse. Zili ngati Windows 365 ija, kompyuta ili kwa Microsoft inu mukungoonera.

mr_sudo
Ayi ndithu akulu, si seva. @kachidwi_22 ikamaliza kulodi zimitsani wifi, kenako lembani mu Notepad muone ngati isiye.

kachidwi_22
Ndayesa. Notepad ikulembabe wifi ili yozima, ma window akusuntha bwinobwino. Koma nditatsegula pulogalamu ina yomwe ndinali ndisanaitsegule yangouma osayankha.

wokayika
Mwaona? Imafuna seva.

nyerere_dev
Imafuna seva pa chinthu chimodzi chokha, disiki, osati pa kuganiza. Ndifotokoze pang'ono chifukwa apa mpamene anthu ambiri amasokonekera.

Chomwe mwatsegulacho ndi emulator, pulogalamu yomwe imadzipanga kukhala kompyuta yonse. Anailemba ndi Fabian Hemmer, mbali ya CPU ili mu chilankhulo cha Rust yosandutsidwa WebAssembly, code yomwe browser imatha kuyendetsa mwachangu, zotsalazo JavaScript. Mkati mwake muli CPU ya x86 yopangidwa ndi code, RAM yake ndi chigawo cha memory chomwe tab yapempha kwa browser, sikirini yake ndi canvas ya pa page, mukadina kiyibodi browser imagwira batani lija nkulisandutsa ma code a kiyibodi ya PS/2 omwe Windows 98 imawadziwa. Ngakhale BIOS, pulogalamu yoyamba kuyenda kompyuta ikayaka, ilimo, SeaBIOS, yomweyo imene emulator ina yotchuka ya QEMU imagwiritsa ntchito. Windows ija sikudziwa kuti ili mu browser, iyo ikuona ngati ili pa PC ya zaka za m'ma 90.

Nde za kuumako. Hard disk ya Windows 98 ndi fayilo yaikulu, sangakudikiritseni kuti muidawunilode yonse musanayambe. Amaidula tizidutswa, Windows ikafuna kuwerenga malo ena pa disiki emulator imapita pa intaneti kukatenga kachidutswa kameneko kokha. Notepad inali kale mu RAM nchifukwa chake inapitiliza. Pulogalamu inayo inali isanabwere, Windows inapempha disiki, disiki sinayankhe, nde inangodikira. Ikanakhala ya pa seva ngati Windows 365 ngakhale chilembo chimodzi sichikanaoneka wifi itazima.

ChipsetQueen
Kuonjezera apo, tsegulani Task Manager ya laputopu yanu nthawi yomwe Windows ija ikugwira ntchito yolemera, muona CPU yanu yakwera, fan ikulira. Seva ya munthu wina singatenthetse laputopu yanu choncho.

wokayika
Chabwino za disiki ndamva. Koma nanga bwanji imayaka mwachangu chonchija? Windows 98 ine ndinaigwiritsa ntchito, inkatenga nthawi kuti ibuute, logo ija ya mitambo umaiyang'ana mpaka kutopa.

nyerere_dev
Funso labwino akulu. Siibuuta konse. Anaibuuta kamodzi iwowo, nkujambula zonse zomwe zinali mu RAM ndi mu CPU nthawi imeneyo nkuziika mu fayilo, inu mukadina amangobwezeretsa zimenezo nkupitiliza pomwe inalekera. Mukapanga restart mkati mwa Windows momwemo muiona ikubuuta kuyambira pa BIOS ndipo mudikira ndithu.

bwana_firewall
Ine langa ndi limodzi. Laputopu ndi ya kuntchito, anatseka pa chifukwa. Musanayambe kuyendetsa ma OS mmenemo afunseni a IT. Zoti mwapeza pozembera sizitanthauza kuti mwaloledwa.

mr_sudo
Koma sakuinstola kanthu aise, ndi page ngati ina iliyonse.

bwana_firewall
Ndikudziwa, ndipo kumbali ya chitetezo sindikuona vuto lalikulu. Zonse zili mu sandbox ya browser, ngakhale vayirasi ya DOS italowa mu Windows 98 ija singakhudze mafayilo enieni a pa laputopu, mukatseka tab yafera momwemo. Pomwe ndimachenjeza ndi pa netiweki. Browser siloledwa kutsegula ma connection a TCP mwachindunji, nde OS ya mkatiyo kuti ifike pa intaneti ma packet ake amakulungidwa mu WebSocket nkudutsa pa relay, seva yopatsira, ya munthu wina amene inu simukumudziwa. Chilichonse chosabisidwa mwini relay akhoza kuchiona. Musalembemo pasiwedi ya imelo, ya banki kapena ya kuntchito. Ndipo a IT ena akaona traffic yachilendo chonchi amafunsa, bola muwauze nokha poyamba.

kachidwi_22
Zamveka bwana, ndiwafunsa. Intaneti mkatimo sindikuifuna kwenikweni, ndikungofuna terminal.

gogo_DOS
Ana inu simukudziwa mmene zimatikhudzira ife tikaona C:\> ikuthwanima mu browser. Ine ndinayambira pa DOS, makina a floppy, ndipo mapulogalamu ambiri a nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti anapita basi chifukwa makina ake anatha, ma floppy anaola. Kenako mu 2015 a Internet Archive anaika magemu a MS-DOS pafupifupi 2,400 oti ungodina nkusewera, emulator ya DOS yotchedwa DOSBox yosandutsidwa JavaScript kudzera mu Emscripten. Chaka chotsatira anaikanso mapulogalamu a Windows 3.1. Prince of Persia ndinaipeza mmenemo, ndinasewera mpaka usiku, zala zikukumbukira zokha podumphira.

Kwa ine phindu lalikulu la zimenezi si liwiro ayi. Buku lakale ukhoza kulitsegula patapita zaka 100 nkuwerenga, koma pulogalamu ikasowa makina oyiyendetsa yafa ngakhale fayilo ilipo. Emulator ya mu browser ikutanthauza kuti mdzukulu wanga safunika kudziwa kukonza DOSBox kapena kusaka ma driver, amangotsegula linki. Pali PCjs ya Jeff Parsons yomwe ili ndi IBM PC yoyambirira ija ya 1981, palinso Infinite Mac ya Mihai Parparita ya okonda Mac zakale, System 7, Mac OS 8, Mac OS 9. Anthu amenewa akugwira ntchito yosunga mbiri, ndimawalemekeza kwambiri.

tiyese_bit
Agogo Prince of Persia munamaliza mu mphindi 60 zija?

gogo_DOS
Kale ndinkamaliza mwana wanga, pano mawondo a kalongayo ndi abwino kuposa maso anga.

ChipsetQueen
Poti tikutchula anthu, tisamuiwale Fabrice Bellard. Ndi amene anatsegula njira mu 2011 ndi JSLinux, Linux ikubuuta mu JavaScript yeniyeni nthawi yomwe WebAssembly kunalibe, asm.js ya Mozilla inabwera 2013, WebAssembly inalowa mu ma browser 2017. Munthu yemweyo ndi amene anayambitsa QEMU ndi FFmpeg, pulogalamu yosinthira mavidiyo. Ukamaonera vidiyo pa intaneti mwayi ndi waukulu kuti penapake yadutsa mu code yomwe anayambitsa iyeyo.

mr_sudo
Komanso TCC, compiler ya C yaing'ono ija. Munthu ameneyo mutu wake ndi wina.

tiyese_bit
Nanga Windows 11 mu browser yomwe inkazungulira ija? Ndinaitsegula pa foni inali yofewa bwino kuposa 98 yanuyi.

nyerere_dev
Imeneyo si Windows achimwene, ndi website yomwe anaijambula kuti izioneka ngati Windows 11, React ndi CSS basi. Mulibe kernel, mtima wa OS, mulibe CPU yoyerekeza, simungaikemo fayilo ya .exe nkuyenda. Njira yodziwira ndi imeneyo, ipatseni pulogalamu yomwe mwini website sanaiganizire. Ya emulator iyendetsa, yojambulayo singathe.

Windows 11 yeniyeni pa v86 ndi zosatheka. v86 ndi ya 32-bit yokha, CPU yake ili pa mlingo wa Pentium 4, pomwe Windows 11 ndi ya 64-bit basi, imafuna RAM ya 4GB ndi TPM 2.0. Ndipo WebAssembly yachizolowezi ya 32-bit malire ake a memory ndi 4GB yomweyo, yonse, kuphatikiza emulator mwini wake. Yerekezani ndi Windows 95 yomwe inkayenda pa 4MB, Windows 98 pa 16MB. Nchifukwa chake zakalezi zimakwana bwino mu tab.

wokayika
Nde ndi choseweretsa basi. Ngati singayendetse OS ya lero ntchito yake nchani? Ine ndikuona ngati tikuchemerera chinthu chomwe VirtualBox imachita bwino kakhumi.

ChipsetQueen
Pa liwiro mukunena zoona, palibe angatsutse. VirtualBox imagwiritsa ntchito VT-x ya Intel kapena AMD-V, kutanthauza kuti code ya OS ya mkati imayenda pa CPU yeniyeni mwachindunji. Browser siloledwa kukhudza zimenezo. Nde emulator imayenera kumasulira instruction iliyonse ya x86. Njira yophweka ndi kuwerenga imodzi, kuichita, kuwerenga ina, ngati womasulira pa msonkhano amene akudikira chiganizo chilichonse, nchifukwa chake zimachedwa. v86 imachenjera, imayang'ana mbali za code zomwe zikubwerezedwa kwambiri nkuzisandutsa WebAssembly nthawi yomweyo, browser nayo nkusandutsa WebAssembly ija kukhala code ya CPU yanu. Kumasulira kuli pawiri koma kumachitika kamodzi kokha, kenako zimathamanga.

Koma ngakhale zitero pali zolemetsa zomwe sizichoka. OS ikakhudza memory paliponse adiresi ija iyenera kutembenuzidwa kudzera mu ma page table, pa CPU yeniyeni ndi hardware imachita zimenezo, apa ndi code. WebAssembly ilibenso goto, pomwe x86 imadumpha paliponse pomwe yafuna, nde pamafunika kuzungulira kuti zigwirizane. Ndipo mapulogalamu ena akale amadzisintha okha code ali mkati moyenda, zikatero zomwe unamasulira uyenera kutaya nkuyambanso.

Koma funso la mwini thread silinali loti chothamanga nchiti. Iwo VirtualBox sangaiike. Pakati pa Linux yochedwa ndi kusakhala ndi Linux, ls ndi grep sizifuna liwiro.

wokayika
Achemwali apo mwandigwira pa ls ndi grep. Koma ndikuumirirabe kuti munthu wofuna ntchito yeniyeni, Docker, database, kukompaila project yaikulu, asadzivutitse.

ChipsetQueen
Pamenepo tagwirizana.

opanda_RAM
Inu mukukamba za OS mu tab, ine Chrome yokha ndi ma tab asanu laputopu yayamba kale kupuma movutikira. Firefox ndiyabwinoko kapena?

mr_sudo
Firefox ine ndimaikonda koma pa RAM kusiyana kwake si kwakukulu masiku ano, onse amagawa ma site mu ma process osiyana chifukwa cha chitetezo, makamaka chibwerereni vuto la chitetezo la ma CPU lotchedwa Spectre mu 2018. Chotsani ma extension omwe simugwiritsa ntchito, amadya mwakachetechete.

tiyese_bit
Edge ili ndi sleeping tabs imathandiza.

opanda_RAM
Edge ndi Chrome yovala malaya ena aise, injini ndi imodzi.

tiyese_bit
Injini imodzi inde koma yesani kaye musanakane.

mphunzitsi_ICT
Tabwererani ku funso lachiwiri lija abale, munthu akufuna kuphunzira Linux ndipo ine ndikufunanso yankho lomwelo chifukwa cha ana anga a mkalasi. Pa zonse mwatchulazi ayambire pati?

nyerere_dev
Ndinganene motere aphunzitsi. Wongoyamba kumene, cd, ls, mkdir, cat, ma pipe, chmod, vi, atsegule Linux yaing'ono ya Buildroot pa v86. Ndi ma MB ochepa, imabuuta msanga, ma command ake ndi a BusyBox nde ena alibe ma option onse koma poyambira ndi yokwana. Akafuna zambiri JSLinux ili ndi Alpine yomwe ili ndi gcc, ukhoza kulemba C nkukompaila momwemo. Pamenepo pali kernel yeniyeni ya Linux, dmesg ikuonetsa zenizeni, /proc ilipo, ukhoza kupanga mount, ukhoza kupha process iliyonse, ndiwe root. Ndipo chokoma kwambiri pophunzira nchoti mantha palibe. Fufutani /bin yonse muone chomwe chichitike, mukatero refresh, yabwerera mwakale. Pa makina enieni wophunzira amaopa kuyesa, apa ayese zonse.

mr_sudo
Mwaiwala WebVM ya Leaning Technologies. Debian yathunthu, python, gcc, zonse zilimo, ndipo zomwe wasintha zimasungidwa mu browser mu IndexedDB, ukabweranso mawa mafayilo ako alipo. Kwa ine imeneyo ndiye yabwino kwa wophunzira.

nyerere_dev
WebVM ndi yabwino koma tisaisakanize ndi zinazi. Injini yake CheerpX siibuuta kernel ya Linux. Imayendetsa mapulogalamu a Debian a x86 osasinthidwa, koma akaitana kernel amene amayankha ndi CheerpX yomwe ikuyerekeza ma system call a Linux. Nde pophunzira bash, python, git ndi yabwino kwambiri ndipo imapepuka chifukwa sikunyamula hardware yonse. Koma wofuna kuona mmene OS imabuutira, ma module a kernel, ma driver, sapeza zimenezo mmenemo.

mr_sudo
Munthu wongoyamba ma module a kernel awatani? Mukumupatsa katundu wa chaka chamawa.

nyerere_dev
Sindikukana, ndikungofuna adziwe chomwe wagwira. Tsiku lina command ina idzakana pa WebVM iye nkumaganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo pomwe ndi system call yomwe sinaikidwemo.

kachidwi_22
Ndatsegula Buildroot ija, ndapanga ma folder, ndalemba ka script kakang'ono ka shell kakuyenda. Ndasangalala kwambiri abale. Koma ndapanga refresh zonse zapita. Palibe njira yosungira?

ChipsetQueen
Pamwamba pa sikirini pali batani la Save State, limakupatsani fayilo yomwe ili ndi RAM yonse ndi pomwe CPU inali, mawa mukatsegula OS yomweyo dinani Load State nkusankha fayiloyo, mupitiliza pomwe munasiyira ngakhale command yomwe munailemba theka. Fayiloyo imakula malinga ndi RAM yomwe makinawo apatsidwa nde musadabwe. Koma ma script ofunika muzikoperanso kunja, state ya version ina nthawi zina imakana emulator ikasinthidwa.

foni_yokha
Ine laputopu ndilibe. Pa foni zimatheka?

tiyese_bit
Zimatheka, ndayendetsa KolibriOS pa Android, ka OS kolembedwa mu assembly kokwana pa floppy ya 1.44MB, kamayaka nthawi yomweyo. Vuto ndi kiyibodi, ya pa foni ilibe Ctrl, Esc, Tab ndi mivi, nde mu terminal umavutika, vi osayamba nkomwe popanda Esc. Mukapeza kiyibodi ya Bluetooth kapena ya USB pa OTG zimakhala bwino.

mr_sudo
Ngati ndi Android ndipo cholinga ndi ma command, ikani app ya terminal ya Termux basi, imayenda mwachindunji pa foni popanda kumasulira kulikonse. Browser isiyireni amene atsekeredwa.

nyerere_dev
Zoona. Koma taonani chinthu chimodzi @wokayika, foni imeneyo CPU yake ndi ARM, sidziwa chilankhulo cha x86 ngakhale pang'ono, koma ikuyendetsa OS ya x86. VirtualBox singachite zimenezo chifukwa imadalira kuti CPU ya pansi ndi ya mkati zikhale za mtundu umodzi. JSLinux imayendetsanso Linux ya RISC-V, mtundu winanso wa CPU, pa makina alionse, wophunzira assembly ya RISC-V safunika kugula board.

wokayika
Iyi ya RISC-V ndiyesa, imeneyo yandikopa.

bwana_firewall
Wina atchuleko za laisensi. Windows 95 ndi 98 zikadali za Microsoft, kukalamba sikuchotsa copyright. Aphunzitsi ngati mukufuna kuika zanu za mkalasi khalani pa zaulere, Linux, FreeDOS, ReactOS, KolibriOS. MS-DOS 4.0 nayo Microsoft inatulutsa code yake pa laisensi ya MIT mu 2024.

gogo_DOS
FreeDOS ndiyokwana pophunzitsa DOS, Jim Hall anaiyamba 1994 ndipo mpaka pano ikukonzedwabe. Ma command ndi omwewo, DIR, COPY, ma batch file, zonse.

mphunzitsi_ICT
Zikomo nonse. Funso lomaliza kwa ine, makompyuta a mu lab yathu ndi olumikizana okhaokha koma intaneti ndi yosadalirika, ana 30 akatsegula nthawi imodzi palibe chiyende. Ndingaike v86 pa kompyuta imodzi ena nkumatsegula kuchokera pamenepo?

nyerere_dev
Mungathe aphunzitsi, ndipo mpamene njira iyi imawala chifukwa kompyuta yanuyo ingopereka mafayilo, kuganiza konse kuchitika pa makina a mwana aliyense. v86 ili pa GitHub, laisensi ya BSD. Mufunika libv86.js, v86.wasm, ma BIOS awiri seabios.bin ndi vgabios.bin, image ya OS yomwe mwasankha, ndi page imodzi ya HTML yomwe ikutchula mafayilo amenewa ndi kuchuluka kwa RAM, zitsanzo zake zili mu folder ya examples. Musatsegule page ija pongoidina kawiri, browser imakana kukoka mafayilo ena ikakhala pa file://, pamafunika web seva. Pa image yaing'ono ngati Buildroot kapena FreeDOS lowani mu folder ija nkulemba python3 -m http.server, ana alembe IP ya kompyuta yanu ndi :8000 kumapeto. Mukadzafuna disiki yaikulu yokoka pang'onopang'ono ikani nginx, chifukwa seva ya python ija siitha kupereka kachidutswa ka fayilo, imatumiza yonse. RAM ya Buildroot ikani 64MB kapena 128MB kuti makina ofooka asavutike.

mphunzitsi_ICT
Firewall ya kompyuta yangayo ndiyenera kutsegula port imeneyo eti?

bwana_firewall
Eya, 8000 ya TCP, ndipo muilole pa netiweki ya mu lab yokha. Ipatseninso kompyutayo IP yosasintha kuti ana asamasake adiresi yatsopano tsiku lililonse.